MAWU A ZAUMOYO OPITA KUMUDZI: KASANKHIDWE NDI KALEMBEDWE KAKE

Uthenga wa zaumoyo umadutsa m'manja ambiri usanafike kwa mwiniwake. Kawirikawiri umayamba kulembedwa m'Chingerezi kulikulu la Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe, kenaka umamasuliridwa m'Chichewa, n'kusindikizidwa papepala lokhoma pakhoma kapena kuulutsidwa pawayilesi. Pomalizira pake mlangizi wa zaumoyo amaunena pansi pa mtengo tsiku la sikelo, pamaso pa amayi amene ena mwa iwo sadapite patali ndi sukulu. Paliponse pamene uthengawo wadutsa, mawu angathe kupotoka. Mawu akapotoka m'nthano, owerenga amangoseka; koma akapotoka papepala lofotokoza kamwedwe ka mankhwala, mwana amavulala. N'chifukwa chake mawu a zaumoyo ayenera kusankhidwa ndi kulembedwa mosamala kuposa mawu a nkhani zina zambiri.

Dzina la ntchitoyi

M'chaka cha 1978 mayiko adakumana mumzinda wa Alma-Ata, pamsonkhano umene adaitanitsa mabungwe a WHO ndi UNICEF, ndipo adagwirizana kuti chisamaliro cha umoyo chiziyambira kumene anthu amakhala, osati kudikira kuti odwala achite kufika kuzipatala zikuluzikulu. M'Malawi muno msana wa ntchito imeneyi ndi alangizi a zaumoyo, amene kwa zaka zambiri akhala akudziwika ndi malembo a HSA. Chiyambi chawo ndi anthu amene ankalembedwa ntchito yotemera nthomba, ndi ena amene adalembedwa pamene kudabuka mliri wa kolera m'chaka cha 1973. Cholinga cha boma chakhala chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Kuyambira m'chaka cha 2008 ena mwa alangiziwa adayamba kuthandiza ana osakwana zaka zisanu kumudzi komweko pa matenda a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, m'madera amene ali kutali ndi chipatala.

Omasulira ena amatcha ntchito yonseyi chithandizo choyamba. Dzina limeneli n'losocheretsa, pakuti chithandizo choyamba anthu adachizolowera kale pa tanthauzo lina: kumanga bala la munthu wovulala kapena kuthandiza wolumidwa ndi njoka asanafike naye kuchipatala. Ntchito imene adagwirizana ku Alma-Ata ndi yotakata koposa, chifukwa ikukhudza katemera, madzi aukhondo, zimbudzi, kadyedwe, uchembere ndi kuphunzitsa anthu. Mawu oti chisamaliro cha umoyo choyambira kumudzi ndi aatali, koma akunena zimene zilipo, ndipo agogo angawamve popanda wowatanthauzira.

Pali mawu atatu apachibale amene sayenera kusinthanitsidwa mwachisawawa. Moyo ndi umene munthu amataya akamwalira. Umoyo ndi mmene munthu kapena mudzi ukukhalira pa nkhani ya matenda ndi ukhondo. Thanzi ndi mphamvu ndi kukhuthala kwa thupi, zooneka ndi maso: mwana wathanzi. Dzina lachitatuli limayamba ndi th, ndipo n amene ena amamuwonjezera polemba kuti nthanzi alibe malo.

Vuto la malungo

Palibe mawu a zaumoyo amene avutitsa omasulira ngati malungo. Azachipatala akanena malungo amatanthauza nthenda imodzi yokha, yoyamba ndi tizilombo timene udzudzu umasiya m'magazi a munthu ukamuluma. Koma mawuwa ndi akale kuposa chipatala. Pakamwa pa anthu, malungo ndi kuphwanya kwa thupi, kumva kuzizira, litsipa ndi kutentha thupi, kaya gwero lake ndi lotani. Munthu wolima tsiku lonse padzuwa kapena wonyowa ndi mvula amadzuka m'mawa n'kunena kuti ali ndi malungo. Sakunama ayi, akuyankhula Chichewa cholondola, koma chosiyana ndi cha namwino.

Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira. Womasulira akapeza mawu a Chingerezi otanthauza kutentha thupi n'kulemba kuti malungo, ndiye kuti wauza mayi kuti mwana aliyense wotentha thupi afunika mankhwala a malungo. Chikhalirecho thupi la mwana limatentha pa zifukwa zambiri: chibayo, chikuku, zilonda zapakhosi, mafinya am'khutu ndi matenda oumitsa khosi. Mwana wa chibayo akamwetsedwa mankhwala a malungo kwa masiku atatu, chibayocho chimakhala chikukula. Komanso kumwa mankhwala mwachisawawa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimathandiza tizilombo kuzolowera mankhwalawo. Dziko la Malawi lidaona kale zimenezi: m'chaka cha 1993 lidasiya mankhwala a chloroquine chifukwa adaleka kugwira ntchito, n'kuyamba Fansidar, m'chaka cha 2007 Fansidar nayenso adalowedwa m'malo ndi mankhwala amene anthu amawatcha LA.

Tsono polemba uthenga, chizindikiro chizitchedwa kutentha thupi, ndipo dzina loti malungo lizisungidwira nthenda imene yapezeka magazi atayezedwa. Chiganizo choti “Mwana akatentha thupi, pitani naye msanga akamuyeze malungo” chili bwino chifukwa chikulekanitsa zinthu ziwirizo popanda kudzudzula mayankhulidwe a anthu. Pamene pakufunika kutsindika, mawu oti malungo oyamba ndi udzudzu amathandiza. Kuletsa anthu kunena malungo m'tanthauzo lakale n'kosatheka, ndipo sikofunika. Wolemba yekha ndiye ayenera kudziletsa.

Chibayo chili ndi vuto lofananako, ngakhale laling'ono. Dzinali likuchokera ku mneni kubaya, ndipo limanena ululu wobaya m'nthiti. Munthu wamkulu amaufotokoza ululuwo, koma khanda silingathe. Chimene mayi ayenera kuyang'ana ndi kapumidwe. Alangizi amawerenga mpweya pamphindi imodzi: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zosakwana zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira. Uthenga wongoti “Chenjerani ndi chibayo” suthandiza mayi. Wothandiza ndi wotchula kupuma mofulumira, kubanika, ndi kulowa m'kati kwa chifuwa mwana akamakoka mpweya.

Mawu akale amene adalandira ntchito yatsopano

Sikuti mawu onse akale amasokoneza. Katemera ndi chitsanzo cha mawu amene adasamuka bwino. Muzu wake ndi kutema, monga sing'anga amatemera mphini n'kupakamo mankhwala. Katemera wa nthomba ankaperekedwa pokanda khungu la pamkono, choncho anthu adaona kufanana kwake ndi mphini, ndipo dzina lidamera lokha. Nthomba idalengezedwa kuti yatha padziko lonse m'chaka cha 1980, koma dzina la katemera lidatsala, n'kufalikira ku njira zimene sizitema konse. Katemera wa chikuku ndi wobaya. Wa poliyo, amene adaperekedwa khomo ndi khomo nthendayi itapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe mu February 2022, ndi wodonthezera m'kamwa. Wa kolera ndi wakumwa. Palibe amene amadabwa kumva zoti katemera wakumwa, ngakhale kuti poyang'ana muzu wake mawuwa akudzitsutsa.

Chimene chimasokonekera ndi mneni wotsagana naye. Katemera amateteza, sachiza. Pa katemera wa malungo, amene Malawi lidali dziko loyamba kumupereka kwa ana mu April 2019, ngakhale mneni kuteteza afunika kumuchepetsa mphamvu, pakuti katemerayu amachepetsa kudwala malungo pafupipafupi ndi kudwala kwakayakaya, koma satsekereza nthendayo kotheratu. Wolemba akati mwana wolandira katemerayu sadwala malungo, mayi adzapinda neti n'kuiika m'chikwama, ndipo mwana akadzadwala adzati achipatala ndi abodza.

Kulera ndi mawu ena osamuka. Tanthauzo lake loyamba ndi kusamala mwana mpaka akule. Makolo akale ankati banja likulera pamene mwamuna ndi mkazi akudziletsa kuti mwana woyamwa ayambe wakula asanapondedwe ndi mnzake. Pamene boma lidalola ntchito yotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake m'chaka cha 1982, mawuwa adali okonzeka kale, ndipo adathandiza kuti nkhani yovuta kuikamba pagulu imveke yaulemu. Koma kulera si kutseka. Mapiritsi, jakisoni ndi lupu ndi njira zolera zimene munthu amasiya akafuna mwana wina. Kutseka ndi kosabwerera. Uthenga wosakaniza mawu awiriwa umaopseza mabanja achinyamata, ndipo choipa koposa, ungachititse munthu kuvomera chinthu chimene sadachimvetse.

Mzamba ndi dzina limene tsopano lili ndi eni ake awiri: mayi wakumudzi wothandiza pobereka, ndi namwino amene adaphunzira ntchito ya uzamba kusukulu. M'chaka cha 2007 boma lidaletsa azamba akumudzi kubereketsa, pofuna kuti amayi azichirira kuchipatala. Nthawi ngati imeneyo, chiganizo choti “Kachirireni kwa azamba” chingamveke mosiyana kwa anthu awiri okhala pamphasa imodzi. Mfotokozi sayenera kusiyidwa: azamba akuchipatala, azamba akumudzi. Dzina la sing'anga lidayenda njira yosiyana. Mabuku akale ankalitchula ponena dokotala yemwe, koma lero latsalira kwa wamankhwala azitsamba, ndipo dokotala ndi dotolo ndiwo adatenga malo kuchipatala.

Mayina onyoza

Edzi itapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, anthu adaipatsa mayina awoawo monga kaliwondewonde ndi magawagawa. Ena adaifanizira ndi tsempho kapena kanyera chifukwa cha kuwonda. Mayina otere ndi chuma kwa wofufuza chiyankhulo, koma alibe malo m'uthenga wa boma, chifukwa loyambalo limaseka thupi la wodwala ndipo lachiwirilo limamuweruza. Kusiyanitsa kukhala ndi kachilombo ka HIV ndi kudwala Edzi kudali kupambana kwakukulu kwa omasulira, pakuti munthu angakhale ndi kachilombo zaka zambiri ali wathanzi.

Mawu amene ayenera kuunikidwanso ndi akuti mankhwala otalikitsa moyo. Adali oyenera pamene boma lidayamba kugawa mankhwalawa mwaulere m'chaka cha 2004, maliro ali mbwee m'midzi. Koma kutalikitsa moyo kumamveka ngati kukankhira patsogolo imfa imene yayandikira kale, pamene munthu womwa mankhwalawa mokhulupirika angathe kukalamba monga wina aliyense. Mnyamata amene wangouzidwa kumene zotsatira za magazi ake amamva bwino akauzidwa za mankhwala ochepetsa kachilombo m'thupi, ndipo mawu amenewa ndiwonso akufotokoza zimene mankhwalawo amachita.

Za kalembedwe

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa adasindikizidwa m'chaka cha 1973 ndipo adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, koma mapepala a zaumoyo amasonyeza kuti ambiri owalemba sadawaone. Zolakwa zake zimabwerezabwereza pamalo ochepa.

Poyamba pali l ndi r. Lembo la r limalembedwa pambuyo pa e kapena i m'kati mwa tsinde: katemera, kulera, chiberekero, kupinimbira. Pena paliponse pamalembedwa l: malungo, chipatala, mankhwala. Koma ngati i ali wa mphatikiri woyambirira, l woyamba tsinde sasintha. Tsinde la chilombo ndi -lombo, choncho kalembedwe kotsata lamulo ndi kachilombo ndi tizilombo, monganso chilonda ndi zilonda, ngakhale kuti kachirombo amaoneka kawirikawiri m'nyuzipepala. Dzina loti miliri likusonyeza mbali zonse ziwiri za lamuloli: l watsatira mphatikiri mi-, pamene r ali m'kati mwa tsinde. Mawu obwereka ena adalowa m'lamuloli mosavuta, monga kolera ndi mapiritsi. Sikelo adakana. Lamulo likadafuna sikero, koma makadi a ana ndi zikwangwani zam'zipatala zakhala zikulemba sikelo kwa zaka zambiri, ndipo kulimbana nazo n'kutaya nthawi. Mawuwa, amene poyamba ankanena chipangizo choyezera kulemera, tsopano akutanthauza tsiku, malo ndi ntchito yonse yoyeza ana ndi amayi oyembekezera; mayi amati akupita kusikelo ngakhale tsiku limene akungokalandiritsa katemera.

Chachiwiri ndi nkhodolero. Mperekezi mu akafupikitsidwa amasiya chizindikirochi: m'mimba, m'thupi, m'magazi, m'mudzi. Ena amachotsa m woyambayo pamodzi ndi nkhodolero yomwe, n'kulemba kutsegula mimba, mawu amene akunena ntchito ya dokotala wa mpeni. Kupweteka m'mimba ndi kupweteka kwa mimba ndi madandaulo awiri osiyana, ndipo lachiwirilo likachokera kwa mayi woyembekezera ndi lofunika kuthamanga nalo. Mbali inayi, mayina ngati mlangizi, mzamba ndi mliri safuna nkhodolero, chifukwa m wawo ndi mphatikiri wa gulu la dzina. Mperekezi amalumikizidwa ku dzina wamba, monga kuchipatala ndi pachitsime, koma amapatulidwa ku dzina lamwinimwini, monga ku Ntcheu ndi ku Nsanje.

Chachitatu ndi afotokozi ochokera ku aneni. Wa ndi ku zikakumana zimasanduka wo, ndipo a ndi ku zimasanduka o: mayi woyembekezera, amayi oyembekezera, madzi owiritsa. Koma mneni wa tsinde la phatikizo limodzi, monga kumwa ndi kudya, amasunga ku wake: madzi akumwa, chakudya, katemera wakumwa. Madzi omwa, amene amaoneka pazikwangwani zina zapamijigo, ndi kalembedwe kolakwika.

Kutsegula ndi kutsekula ndi mawu amodzi. Kutsekula ndiko kukusonyeza bwino kuti mneniyu ndi wotsutsana ndi kutseka, koma kutsegula ndiko kudafala. Onse awiri amamveka, monganso jakisoni ndi jekeseni. Chofunika n'chakuti kabuku kamodzi kasankhe kalembedwe kamodzi, chifukwa wowerenga movutikira akaona mawu olembedwa mitundu iwiri amayesa kuti ndi matenda awiri. Pa dzina la kolera palibe kusankha: likalembedwa ndi ch monga m'Chingerezi, Mchewa amalitchula ndi ch wa chala. Kampeni ya Tithetse Kolera ya m'chaka cha 2023, pa mliri umene udayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, idaonekera m'manyuzipepala ndi malembedwe onse awiri. M'maboma am'malire monga Mchinji, anthu amaonanso mapepala ochokera ku Zambia, kumene Chinyanja chimalembedwa ndi c pamalo pa ch, monga cipatala. Kumeneko si kulakwitsa, ndi lamulo la kwawo.

Kubwereka ndi kupeka

Mawu obwereka amakhazikika akalowa m'gulu la mayina n'kutenga mgwirizano wake. Chipatala chidalowa m'gulu la Chi-Zi ngati kuti chidabadwira momwemo: chipatala chaching'ono, zipatala zazing'ono. Dokotala ndi kondomu amachulukitsidwa ndi ma-. Koma pamene Chichewa chili ndi dzina lake lodziwika, kubwereka n'kungodzionetsa. Likodzo, khate, kafumbata, chikuku, kamwazi, khunyu, chindoko ndi chifuwa chokoka mtima ndi mayina okwanira. Chifuwa chachikulu chokha ndicho chimaperewera, chifukwa TB imagwiranso msana, mafupa ndi ziwalo zina. Zikatero n'kwabwino kunena TB ya msana kusiyana ndi chifuwa chachikulu cha msana. Kuthamanga kwa magazi nako kumapangitsa anthu kuganiza kuti nthendayi imamveka m'thupi ngati kugunda kwa mtima, chonsecho ambiri amene ali nayo samva kanthu mpaka atayezedwa. Dzinali lidazika kale mizu, kotero uthenga uziwonjezera mfundo imeneyi nthawi zonse.

Kunyentchera ndi kupinimbira ndi mawu amene azaumoyo adawapatsa malire ooneka bwino: koyambako ndi kuwonda kapena kutupa chifukwa chosowa zakudya zoyenera, kwachiwiriko ndi kufupika kosagwirizana ndi zaka za mwana. Malire otere ndi othandiza, ndipo olemba nkhani zam'maboma ayenera kuwasunga. Mtolankhani akasakaniza mawu awiriwa, chiwerengero chimene walemba chimasanduka cha vuto lina.

Miyezo ndi nthawi

Malo amene Chichewa cha m'mapepala chimafooka kwambiri ndi pa miyezo. Paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ungamupweteke mwana. Akachuluka, mankhwala amasukuluka. Koma lita si muyezo wa kukhitchini yakumudzi, kumene zinthu zimayezedwa ndi kapu, chikho ndi botolo, ndipo makapu ndi osiyana kukula. Kumasulira kuti lita imodzi n'kulondola, koma ntchito imatha pokhapokha mlangizi atasonyeza lita imeneyo m'chiwiya chimene amayi a m'deralo ali nacho. Chimodzimodzinso supuni: pali yaing'ono ya tiyi ndi yaikulu yodyera phala, ndipo wolemba asasiye mfotokozi.

Pa nthawi, mawu oti kawiri patsiku salongosola kuti pakati pake papite maola angati, ndipo munthu angamwe kawiri konseko m'mawa asanapite kumunda. M'mawa ndi madzulo ndi mawu omveka bwino, ngakhale kuti madzulo a anthu ena amayamba dzuwa likangopendeka. Mankhwala a LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, ndipo ambiri amawasiya tsiku lachiwiri thupi likazizira, n'kusungira otsalawo mwana wina. Mneni amene amafunika apa ndi kumaliza, ndipo ayenera kubwera ndi chifukwa chake: “Mwana amalize mankhwala onse ngakhale akuoneka kuti wachira, chifukwa tizilombo tina timakhala tisanafe.” Manambala azilembedwa m'zizindikiro zake pamodzi ndi mawu, monga masiku atatu (3), popeza anthu ambiri amawerenga manambala opitirira asanu m'Chingerezi, ndipo mawu ngati asanu ndi awiri wowerenga mothamanga angawamve ngati asanu okha kapena awiri okha.

Mawu atsopano asanasindikizidwe, ndi bwino kuwawerengera anthu a kumene akupita, n'kuwapempha kuti abwereze m'mawu awoawo zimene amva. Kuyesa kotere kuchitike m'maboma angapo, pakuti Chichewa cha ku Dedza sichifanana m'zonse ndi cha ku Mulanje kapena cha ku Nkhotakota. Kumadera kumene anthu amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chitonga kapena Chingonde pakhomo, kuyesako kungasonyeze kuti chofunika si kukonza Chichewacho, koma kulemba uthengawo m'chiyankhulo cha kumeneko.